Poni Yoperekedwa Dala: Nkhani ya Gambiti ndi Wotchi, Yokambidwa ku Chinyunyu

 Ndaimika bolodi pamaso panu chifukwa nkhani ya chesi siyenda ndi pakamwa pokha. Tikambe za chinthu chimodzi chimene chimakanganitsa osewera kulikonse kumene chesi yafika: kupereka poni dala, gemu itangoyamba, kuti upeze liwiro. Osewera amati gambiti. Ena amaikonda kufa nayo, ena safuna n'kuimva komwe. Ine ndikuti mlandu wawo sungaweruzidwe poyang'ana bolodi yokha. Mboni yaikulu ndi wotchi imene imakhala pambali pa bolodiyo, ndipo mboniyi ikasintha mawu, chigamulo chimasinthanso.

Tiyambe ndi mitengo, popeza wopereka ayenera kudziwa chimene chikuchoka m'manja mwake. Aphunzitsi a chesi amawerengera poni ngati 1, kavalo ndi bishopu 3 aliyense, ruku 5, kwini 9. Poni ndi yaing'ono pa onse, n'chifukwa chake ongoyamba kumene amaitaya mtima osagunda. Koma poni ikafika kumzere wotsiriza imasanduka kwini, ndipo pakati pa osewera odziwa, poni imodzi yapamwamba nthawi zambiri imakwanira kupambanitsa gemu asilikali ena akatha kudyana. Nanga munthu wanzeru zake angaiperekerenji? Amagula nayo nthawi, njira, ndi pakati pa bolodi. Pamene mnzako akuononga mamuvu kudya poni ija ndi kuthawitsa msilikali amene wadyayo, iwe ukutulutsa akavalo ndi mabishopu. Pamene panali poni patseguka msewu wa ruku kapena wa kwini. Mabokosi anayi apakati, d4, e4, d5 ndi e5, ayamba kumvera iwe. Aphunzitsi akale ankati poni imodzi imagula mamuvu atatu otulutsira asilikali. Sikelo imeneyi sikwana paliponse, koma woyamba kumene imamuthandiza kudzifunsa ngati wagula bwino kapena wangotaya.

Ambiri a inu munayamba ndi dirafuti ya zitsekerero za mabotolo musanaone chesi, ndipo kupereka imodzi kuti udye ziwiri mumakudziwa kale. Samalani pamenepo. Mu dirafuti kudya n'kokakamiza, wopatsidwa alibe pothawira. Mu chesi wopatsidwa angathe kukana, angathe kudya n'kuumirira, angathenso kudya n'kudzabweza pa nthawi imene yamukomera iyeyo. Amene akusewera gambiti atakonzekera njira imodzi yokha mwa zitatuzi, sanaiphunzire gambitiyo.

Taonani pabolodipa. Wa zoyera e4, wa zakuda e5. Kavalo ku f3, kavalo ku c6. Bishopu ku c4, bishopu ku c5. Mpaka apa n'zimene ambiri mumasewera tsiku lililonse. Tsopano wa zoyera akukankha poni ku b4, pakamwa penipeni pa bishopu. Iyi ndi gambiti ya Evans, yotchedwa dzina la William Davies Evans, kapitawo wa sitima zapanyanja wa ku Wales, amene anagonjetsa nayo Alexander McDonnell ku London cha m'ma 1827. Bishopu akadya, wa zoyera akuti c3, bishopu ayenera kuthawa. Kenaka d4, ndipo pakati padzaza maponi oyera, kwini wapeza njira ya ku b3, bishopu winayo wapeza ya ku a3, ndipo bokosi la f7, limene likutetezedwa ndi mfumu yokha, layamba kutentha. Wa zakuda sanalakwe kanthu, komabe ali kale pa ntchito yozimitsa. Zimene wa zoyera wagula mungathe kuziloza ndi chala. Gwirani mfundo imeneyi, tidzaifuna kutsogoloku.

Gambiti ndi kaloba. Walandira mphamvu lero, koma pali tsiku lobweza, ndipo chiwongoladzanja chikukwera ndi muvu iliyonse. Ukagwiritsa bwino ntchito zimene wakongolazo, n'kumugwetsa mnzako kapena kumulanda zoposa poni ija tsiku lisanafike, wapindula. Ukachedwa, iye atulutsa asilikali ake, abisa mfumu yake, ayamba kusinthanitsa kwini ndi kwini, ruku ndi ruku, ndipo pamapeto mutsala awiri pabolodi yopanda anthu, iye ali ndi poni yake yapamwamba. Funso lonse la lero lagona apa: kodi mwini ngongoleyo ali nayo nthawi yokulondola mpaka pakhomo?

Tiwerengere limodzi. Bungwe la FIDE, limene limayendetsa chesi pa dziko lonse, limagawa magemu patatu. Wosewera aliyense akapatsidwa mphindi 10 kapena zochepera, imeneyo ndi blitz. Zikapitirira 10 koma osafika 60, ndi rapid. Kuyambira 60 kupita m'mwamba ndiyo gemu yaitali. Pa mpikisano wa blitz wa dziko lonse munthu amapatsidwa mphindi 3, n'kumawonjezeredwa masekondi 2 pa muvu iliyonse. Gemu ikatenga mamuvu 40, ndiye kuti muvu imodzi ili ndi masekondi 6 ndi theka. Ku Olympiad, kumene timu ya Zambia imakakumana ndi maiko ena, amapereka mphindi 90 pa mamuvu 40 oyamba, ndi masekondi 30 owonjezera pa muvu iliyonse. Zonse pamodzi ndi mphindi 110, kapena mphindi 2 ndi masekondi 45 pa muvu. Ndipo poti mamuvu ambiri safuna kuganiza kwambiri, munthu angathe kusunga nthawi n'kukhala mphindi 20 pa muvu imodzi yovuta, atagwira mutu, kufufuza pothawira.

Chifukwa chake kusiyanaku kumakomera wopereka poni mu gemu yofulumira n'chakuti kuteteza ndi ntchito yodula kuposa kuthira nkhondo. Wothira nkhondo mamuvu ake amadzionetsa okha: tulutsa kavalo, opseza f7, bweretsa ruku pamzere wotseguka. Akalakwitsa pang'ono, kawirikawiri amangotaya liwiro, gemu n'kupitirira. Woteteza ayenera kuona zoopsa zonse, osati zina, ndipo nthawi zambiri pa mamuvu asanu ooneka abwino, imodzi yokha ndiyo yopulumutsa. Imodziyo imakhalanso yonyansa maonekedwe: kubweza kavalo kumene anachokera, kuyendetsa mfumu isanabisidwe, kubweza poni imene mtima ukukana kubweza. Diso silithamangira muvu yotere, imapezeka powerengera, ndipo kuwerengera kumadya masekondi. Onjezerani kuti mwini gambiti wadutsa njirayi kambirimbiri, dzanja lake likuyenda lokha, pamene mnzake akuiona koyamba. Pofika muvu ya 12 wina watsala ndi mphindi ziwiri ndi theka, wina watsala ndi imodzi. Ngakhale woteteza apeze mamuvu onse olondola, angathe kufika kumapeto ali ndi poni yake koma wotchi itamuthera. Pa masekondi 6, poni yapamwamba ndi chuma chimene ulibe mpata wochidyerera.

Mpaka apa ndakhala ndikuyamikira. Tsopano ndisiyanitse, chifukwa pansi pa dzina limodzili pali zinthu ziwiri zosafanana, ndipo ana ambiri amene amaphunzira chesi pafoni sauzidwa.

Bwezerani asilikali. Wa zoyera e4, wa zakuda e5, kavalo f3, kavalo f6. Wa zoyera adya poni ya pa e5 ndi kavalo. M'malo mothamangitsa kavaloyo ndi d6 monga mwa masiku onse, wa zakuda akuika kavalo wake pa c6. Iyi ndi gambiti ya Stafford, imene yatchuka zaka zapitazi makamaka chifukwa cha mavidiyo a Eric Rosen wa ku America pa YouTube. Wa zoyera adya pa c6, wa zakuda abwezera ndi poni ya d. Wa zoyera d3, wa zakuda bishopu c5. Apa wa zoyera, poona kuti angathe kumanga kavalo wa pa f6 kutsogolo kwa kwini, akupita bishopu g5. Muvu yooneka yaulemu, yonga ya m'buku. Koma kavalo womangidwayo akudumpha n'kudya pa e4, kusiya kwini wake poyera. Wa zoyera akadya kwini, bishopu adya pa f2 ndi cheki, mfumu ikwera pa e2, bishopu winayo afika pa g4, ndipo yatha. Chekimeti pa muvu ya 8. Ndikudziwa mmene mtima umakomera ukamugwetsa munthu chonchi.

Koma bwererani pa muvu ya 6. Wa zoyera asapite g5, angoika bishopu wake pa e2 mwakachetechete, kenaka c3, kenaka d4 kutseka maso a bishopu wa pa c5. Tsopano ndiuzeni chimene wa zakuda wagula. Pakati si pake. Maponi ake a pa c aunjikana awiri mumzere umodzi. Poni imodzi palibe. Tsegulani Stockfish, pulogalamu yaulere imene imayenda ngakhale pafoni, ikuuzani kuti wa zoyera ali patsogolo kwambiri. Chimodzimodzi gambiti ya Englund, d4 kuyankhidwa ndi e5. Kwini wakuda amathamangira ku e7, ku b4, n'kudya pa b2, ndipo wa zoyera akatchinga ndi bishopu pa c3 angathe kukathera pa chekimeti ya kwini pa c1. Koma akaika kavalo pa c3 m'malo mwa bishopu, kwini uja ndiye amasanduka wosakidwa, ndipo wa zakuda amatha gemu yonse akumupulumutsa.

Magambiti awiriwa moyo wawo uli pa kulakwitsa kwa mnzako, pa bokosi limodzi, pa muvu imodzi. Ya Evans ija moyo wake uli pa zinthu zimene zilipo ndithu ngakhale mnzako asalakwe. Awiriwo ndi misampha, ya Evans ndi malonda. Wotchi ikafupika, msampha ndi malonda zimaoneka zofanana, chifukwa zonse zimapambanitsa. Wotchi ikatalika, m'pamene zimasiyana.

Mbiri ya chesi inadutsa m'njira yomweyi, kungoti inatenga zaka zambiri. Mu 1851 ku London, Adolf Anderssen anasewera gemu yocheza ndi Lionel Kieseritzky, yoyamba ndi gambiti ya mfumu, e4 e5 kenaka f4. Anderssen anapereka bishopu, maruku onse awiri, pomaliza kwini, n'kupereka chekimeti pa muvu ya 23 ndi akavalo awiri ndi bishopu mmodzi. Mpaka lero gemuyi imaphunzitsidwa, ndipo ndikufuna aliyense wa inu adzaione. Masiku amenewo kukana gambiti kunkaoneka ngati mantha, ndipo luso loteteza linali lisanakule. Amene anasintha zinthu ndi Wilhelm Steinitz, katswiri woyamba wa dziko lonse kuyambira 1886. Iye anaphunzitsa kuti nkhondo yoyambidwa popanda chifukwa chooneka pabolodi iyenera kulephera ngati woteteza sagwidwa mantha. Womutsatira, Emanuel Lasker, amene anasunga ukatswiri kuyambira 1894 mpaka 1921, anaonetsa mankhwala a gambiti ya Evans: idya poni, tulutsa asilikali, ndipo wa zoyera akaifuna poni yake, mubwezere, musinthane makwini, atsale ndi maponi omwazika. Njira yachitatu ija, yodya n'kudzabweza, inachotsa gambitiyi pa mipikisano yaikulu kwa zaka zambiri.

Gemu imene ndimaikonda pa nkhaniyi inaseweredwa ku New York mu 1918. Frank Marshall wa ku America, ali ndi zakuda, anakankha d5 pa muvu ya 8 polimbana ndi José Raúl Capablanca wa ku Cuba, kupereka poni ya pa e5 kuti asilikali ake onse akhamukire pa mfumu yoyera. Capablanca anadya. Kwa mamuvu ambiri mfumu yake inali pamoto, inachita kuyenda wapansi kuchoka pakona pake kuthawira mbali ina ya bolodi, koma muvu iliyonse yofunika anaipeza, ndipo anapambana. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kumafuna nthawi, ndipo Capablanca anali nayo. Chodabwitsa n'chakuti nkhani sinathere pomwepo. Anthu anaifufuza gambiti ya Marshall, napeza kuti pa muvu ya 11 poni ku c6 ndi yabwino kuposa kavalo ku f6 imene iye anasewera, ndipo lero akatswiri ambiri akakhala ndi zoyera amachita kuizemba kuti asakumane nayo. Inagonja tsiku loyamba, koma inali ndi katundu weniweni m'kati, ndipo kufufuza kwa zaka zoposa 100 ndi makompyuta omwe sikunaiphe.

Gambiti ya mfumu inaona zina. Boris Spassky anagonjetsa nayo Bobby Fischer ku Mar del Plata, ku Argentina, mu 1960. Chaka chotsatira Fischer analemba nkhani yonena kuti gambitiyi ndi yowola ndipo mankhwala ake ndi d6 pa muvu yachitatu. Komabe iye mwini anadzaisewera ali ndi zoyera, napambana nayo. Garry Kasparov naye anafukula gambiti ya Evans ku Riga mu 1995, pa gemu yaitali, nagonjetsa Viswanathan Anand m'mamuvu 25. Musamve ngati ndikuti gemu yaitali ndi manda a gambiti iliyonse. Gambiti ya Benko, imene wa zakuda amapereka poni pa b5 kuti atsegule mizere ya a ndi b, imafinya ngakhale makwini atachoka pabolodi, ndipo imeneyo ndi ya anthu oleza mtima. Ndipo imene imatchedwa gambiti ya kwini, d4 d5 c4, poni yake imabwerera mosavuta, kotero musaiwerengere pamodzi ndi zoopsazi.

Munthu amene moyo wake ukuonetsa bwino mphamvu ya wotchi ndi Mikhail Tal wa ku Riga. Iye sankadalira kwambiri magambiti a poyambira, nsembe zake zinkabwera pakati pa gemu, koma mzimu wake ndi womwewo: kuponya msilikali kuti bolodi isokonezeke mpaka mnzako alephere kuwerengera. Mu 1960, ali ndi zaka 23, analanda ukatswiri wa dziko lonse kwa Mikhail Botvinnik. Botvinnik anapita kwawo, anakhala pansi ndi magemu aja, anaphunzira kumukokera Tal kumalo otsekeka ndi kumapeto a gemu kumene nsembe zilibe pogwira, ndipo mu 1961 anabweza ukatswiri wake ndi mapointi 13 kwa 8. N'zoona kuti Tal ankavutika ndi impso, koma kukonzekera kwa Botvinnik sikungachotsedwe pa nkhaniyi. Tsono taonani: mu 1988, ku Saint John m'dziko la Canada, Tal yemweyo, ali ndi zaka 51 ndiponso thanzi lofooka, anapambana mpikisano wa blitz wa dziko lonse, Kasparov ndi Anatoly Karpov alipo. Kumene anthu anali ndi chaka chomufufuza anamupeza. Kumene anali ndi mphindi zisanu anawapitirira.

Tibwere kwathu. Amon Simutowe, amene anabadwa mu 1982, anakhala katswiri wa Zambia yense ali ndi zaka 14. Mu 2000 ku Olympiad ya ku Istanbul analandira mendulo yasiliva pa bolodi yoyamba. Mu 2007 ku Arnhem, m'dziko la Netherlands, anakwanitsa muyeso wake wotsiriza wa ugrandmaster, ndipo mu 2009 anapatsidwa dzinalo, woyamba kuchokera ku maiko a Africa a kumwera kwa chipululu cha Sahara. Anthu amamutcha Zambezi Shark chifukwa cha ukali wake pabolodi, choncho musaganize kuti ndikukuuzani za munthu wamantha. Koma miyeso imene inamupatsa dzinalo, ndi mapointi 2500 amene FIDE imafuna, zonse zimawerengedwa pa magemu aatali okhaokha. FIDE imasunga mndandanda wina wa rapid ndi wina wa blitz, koma ugrandmaster sudzera kumeneko. Pamene Gillan Bwalya anakhala moyang'anana ndi Vladimir Kramnik pa World Cup ya 2013 ku Tromsø, inali gemu yaitali. Pamene Andrew Kayonde analepherana ndi Vassily Ivanchuk wa ku Ukraine ku Olympiad ya ku Batumi mu 2018, inalinso gemu yaitali. Munthu ngati Ivanchuk sungamukole ndi msampha wa pa muvu ya 6. Ungaime naye pokhapokha utaphunzira kukhala maola anayi osataya kanthu mwaulere.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ichi. Mwana wa ku Chinyunyu lero chesi yambiri amaipeza pafoni, pa Lichess kapena pa Chess.com, ndipo ndikuthokoza kuti zilipo, chifukwa zabweretsa kuno adani a ku India ndi ku Brazil amene kale sitikanawaona. Koma foni ndi yobwereka, bandulo ndi yogula, batire imatha, netiweki imadukaduka. Zonsezi zimamukankhira mwana ku gemu ya mphindi zitatu kapena imodzi, chifukwa ndiyo imene angaitsirize mwini foni asanaifune. Kumeneko msampha umalipira tsiku lililonse, pakuti gemu iliyonse imabweretsa mlendo watsopano amene sanauonepo. Nambala yake imakwera, mwanayo n'kukhulupirira kuti wadziwa chesi. Kenaka akwera basi pa Great East Road, adutsa Chongwe, afika ku Lusaka pa mpikisano wa Chess Federation of Zambia, akhala pansi ndi wotchi ya ola lathunthu ndi pepala lolembapo mamuvu. Mnzake aganiza mphindi zisanu, aika bishopu pa e2. Kuyambira pamenepo mwana wathu ali m'dziko limene sanapondemo: poni palibe, pulani palibe, ndipo kutsogolo kuli maola awiri. Si nzeru zimene zamuchepera. Anaphunzitsidwa mamuvu asanu ndi atatu, osaphunzitsidwa chochita pa muvu yachisanu ndi chinayi.

Ndipo ngakhale musanapite ku Lusaka, taganizani za kalabu yanu yomwe ino. Muli ochepa, mumasewera anthu omwewo sabata ndi sabata. Msampha umagwira mnzako kamodzi, mwina kawiri. Kachitatu akubwera ataudziwa, ndipo iwe ukuyamba gemu iliyonse uli ndi ngongole. Kuchepa kwanuku ndi mwayi umene wa pa intaneti alibe. Mnzako amene wakuzolowera amakukakamiza kusewera zoona.

Kwa inu aphunzitsi ndili ndi pempho, ndipo mwina silimene mukuyembekezera. Musawaletse ana magambiti. Ndaonapo ana ophunzitsidwa kuumira poni iliyonse, ndipo amakula ndi chesi yamantha, asilikali ali kumzere wakumbuyo, kudikira kuti mnzawo adziphe yekha. Mwana amene sanaperekepo poni sadziwa kuti nthawi ili ndi mtengo, sadziwa chifukwa chake mfumu yosabisidwa ili pangozi, sadziwa kukoma kwa ruku pamzere wotseguka. Zinthu zimenezi siziloweka m'mutu ndi mawu, zimalowa mwana akakhala ndi ngongole ya poni n'kumva kuti muvu iliyonse yaulesi ikumumiza. Apatseni gambiti ya Evans. Apatseni ya mfumu, ngakhale ili ndi zoopsa zake, aone okha mmene mzere wa f umatsegukira. Okulirapo ayese ya Benko. Misampha ya Stafford ndi Englund aidziwe ndithu, koma aidziwe kuchokera mbali ya woteteza, kuti asadzagwemo, ndipo akafuna kuiponya pa blitz ya madzulo ndi anzawo, asiyeni asangalale. Chokhacho, mwana aliyense azitha kuyankha funso limodzi asanakankhe poni: mnzanga akasewera muvu yabwino koposa, nditsala ndi chiyani m'manja? Akatha kuloza mzere, bokosi, kapena mamuvu awiri amene watsogola nawo, apereke. Akayankha kuti mnzangayo saiona, ameneyo akubetcha.

Kwa inu amene mudzapatsidwa poni, musachite manyazi kukana, ndipo mukadya musaikonde kuposa mfumu yanu. Pa gemu yofulumira sankhani njira yosavuta ngakhale si yabwino koposa: bwezani poni, tulutsani asilikali, bisani mfumu, sungani masekondi. Pa gemu yaitali chitani mosiyana. Pamene gambiti yagwa pabolodi m'pamene nthawi yanu iyenera kugwira ntchito. Ana ambiri amathamanga pa mamuvu khumi oyamba ngati akuthamangitsidwa, n'kugonja ali ndi mphindi 50 pawotchi zimene sadzazigwiritsanso ntchito. Khalani manja pansi pa tebulo. Funsani chimene akuopseza, funsani cheki iliyonse ndi kudya kulikonse kumene ali nako, ndipo muvu yooneka yaulemu ngati bishopu g5 ija muikayikire kawiri.

Makolo, mbali yanu ndi yaing'ono koma popanda inu sizitheka. Gemu yaitali imafuna ola limodzi kapena awiri amene mwana sakutumidwa kumadzi, kumunda kapena kukagulitsa pamsewu. Kamodzi pa sabata n'kokwanira. Sifuna bandulo, sifuna magetsi. Bolodi ingajambulidwe pa katoni, ndipo foni imodzi yokhala ndi pulogalamu ya wotchi ya chesi, imene imayenda popanda intaneti, ikwanira awiri.

Tsopano tichite zimene takambazi. Khalani atatuatatu, awiri osewera, mmodzi wolemba. Ikani asilikali pa gambiti ya Evans, bishopu atadya pa b4 ndipo poni yoyera ili pa c3, wa zakuda ndiye asunthe. Gemu yoyamba mphindi 3 aliyense, wolemba alembe mamuvu mmene angathere. Mukatha bwezerani pomwepo, anthu omwewo, mitundu yomweyo, koma mphindi 30 aliyense, ndipo wolemba azilembanso nthawi yotsala pa muvu iliyonse yachisanu. Kenaka musinthane mitundu. Mapepala onse mubwere nawo kuno kutsogolo. Pa gemu iliyonse tidzafufuza muvu imene woteteza anayamba kupatuka, tione kuti anaiganizira masekondi angati, ndipo pamene wa zoyera analephera, tiwerenge kuti ndi muvu iti imene anaitaya osaopseza kanthu. Amene mulibe bolodi, bwerani mutenge iyi ndaimikayi.